Kulemba malire a kulemera pa galimoto ya mpikisano: penti, sitika, tepi kapena maginito?

Galimoto yopepuka imanyamuka msanga, imaima msanga, ndiponso imakhota bwino pamakona. N'chifukwa chake mipikisano ya liwiro imakhala ndi lamulo loti galimoto ya gulu lakutilakuti isapepuke kupitirira makilo akutiakuti. Lamuloli likanapanda kukhalapo, akanamapambana ndi amene wachotsa zitsulo zambiri, ngakhale zija zoteteza moyo wake. Oonetsetsa kuti lamuloli latsatidwa ndi oyendera magalimoto, aja timawatcha ma scrutineer, ndipo chida chawo chachikulu pankhaniyi ndi sikelo.

Kumipikisano ya anthu wamba, ya ife okonzera galimoto kuseri kwa nyumba ku Kapata kapena pa galaja ya mnzathu, magalimoto safanana. Wina wabwera ndi Corolla yakale, wina RunX, wina Subaru Impreza imene waidyetsa ndalama zaka zambiri. Ngakhale ali m'gulu limodzi, malire awo atha kusiyana malinga ndi kukula kwa injini ndi zimene mwini wasintha. Woyendera ali ndi mzere wa magalimoto kutsogolo kwake, dzuwa likuswa mtengo, ndiye pa galimoto iliyonse azitsegula buku kufunafuna nambala? Mwambo wolemba nambalayo pa galimoto penipenipo unabwera pofuna kuthetsa zimenezi. Ku America, bungwe la mipikisano ya magalimoto la SCCA limafuna kuti magalimoto a m'magulu amene malire ake amasiyanasiyana aonetse nambala yolondola pamalo poti woyendera aiwerenge ali pa sikelo. Mu rally ya malamulo a FIA (bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse), imene kuno kwathu imayang'aniridwa ndi Zambia Motor Sport Association, nambalayo imapezeka m'malamulo a gulu ndi m'mapepala a galimoto. Ngati malamulo a mpikisano wanu anena kukula kwa manambala ndi malo ake, tsatirani zimenezo osawonjezera nzeru zanu. Ngati sananene kanthu, ine ndimalimbikitsabe kuilemba, okonza mpikisano akavomera, chifukwa imafupikitsa mzere ndipo imachepetsa mikangano.

Tisanafike pa penti ndi sitika

Njira iliyonse imene mungasankhe ndi yachabe ngati nambala yake ndi yolakwika, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu amapita ku sikelo, waona 1,010, n'kukalemba 1,010 pa galimoto. Ayi. Cholembedwa ndi malire amene lamulo lapereka kwa galimoto yanu, osati zimene sikelo yaonetsa. Tiyerekeze kuti lamulo likuti galimoto ya mtundu wanu isatsike pansi pa makilo 980. Lembani 980. Woyendera akaona sikelo ikuti 1,010, ayang'ana pachitseko, aona 980, akukodolani kuti pitani. Mukalemba 1,010, tsiku limene petulo watha n'kutsika kufika pa 995, muoneka ngati mwalakwa pamene simunalakwe. Kulemba nambala yochepera pa ya lamulo ndiye koipitsitsa, chifukwa ngakhale mutati kunali kuiwala, anzanu adzati mumafuna kuba, ndipo dzina loterolo silifufutika msanga.

Chachiwiri, nambalayo ikuwerengera dalaivala kapena ayi? Malamulo amasiyana. Galimoto ya gulu la Rally2, ngati Ford Fiesta imene Leroy Gomes anapambanira ukatswiri wa rally wa mu Africa mu 2022, siyenera kutsika pansi pa makilo 1,230 ili yokha ndi tayala limodzi lapadera, ndipo dalaivala ndi womuwerengera njira akakweramo malire amakhala 1,390. Ngati yanyamula matayala apadera awiri, lachiwirilo limatsitsidwa isanayezedwe. Ya Rally4 malire ake ndi 1,080. Ku Formula 1 amawerengera dalaivala koma petulo ayi. Pa timagalimoto ta kart amayeza kart ndi mwini wake limodzi, chipewa ndi zovala zonse. Choncho nambala yokha yopanda mawu itha kusokoneza. Onjezani timawu tochepa pansi pake tosonyeza ngati dalaivala ali momwemo.

Ndipo musaiwale kulemba kg. Masikelo ena ogulidwa kunja amaonetsa mapaundi, komanso malamulo ambiri amene anthu amakopera pa intaneti ndi a ku America. Kilo imodzi ndi mapaundi pafupifupi 2.2, kotero 2,200 ya kumeneko ndi makilo pafupifupi 1,000 okha.

Penti

Ku Chipata olemba zikwangwani sasowa. Amene amalemba mayina pamagolosale ndi manambala m'mbali mwa malole angakulembereni nambala yanu nthawi yochepa pamtengo wosaboola m'thumba. Penti yamafuta yolembedwa pachitsulo chotsukidwa bwino imapirira zonse zimene misewu yathu ingaibweretsere: fumbi la Seputembala, matope a Januwale, nthambi zokwapula m'mbali, ndi madzi amphamvu a kotsukira magalimoto. Siyobuka, siuluka. Pankhani ya kulimba palibe njira yoiposa.

Kulimba komweko ndiye vuto lake. Malire a kulemera sakhala amuyaya. Mukasintha injini, mukaika turbo, mukasamukira gulu lina, kapena okonza mipikisano akasintha malamulo chaka chatsopano, nambala isintha. Kuchotsa penti kumafuna thina kapena sandipepa, ndipo zonsezi zimadya penti ya pansi. Ambiri amachita ulesi n'kusiya nambala yakale, kapena amalemba 8 pamwamba pa 3, zimene zimaoneka ngati zachinyengo ngakhale zili zoona.

Vuto lina ndi luso la mlembi. Wolemba zikwangwani amakonda kukongoletsa: mchira apa, mthunzi apo, manambala opendekeka. Pagolosale n'zabwino. Pa sikelo, 1 wokhala ndi mlomo wautali amawerengedwa 7, ndipo 6 wotsekeka kwambiri amasanduka 8 fumbi likamatirira. Muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, pano ndikufuna manambala owongoka, onenepa, opanda maluwa." Kapena dulani manambalawo pakatoni n'kupopera penti ya m'chitini, kuti mbali zonse ziwiri zifanane.

Penti imayenera munthu amene galimoto yake yakhazikika m'gulu limodzi ndipo alibe maganizo oisintha. Koma ngakhale kwa iyeyo pali nzeru iyi: pentani kabokosi koyera ndi zilembo za kg zokha, manambalawo mumate a sitika.

Sitika

Iyi ndiyo njira imene ine ndimaikhulupirira, koma sitika zili mitundumitundu ndipo kusankha molakwika kumakhumudwitsa. Za pepala, zija zomata pamabuku ndi pamabotolo, zisiyeni. Mvula imodzi, zatha.

Zotsala ndi ziwiri. Pali yosindikizidwa, imene makina amathira inki pa pulasitiki yoyera, ndipo pali yodulidwa, imene kampeni ka makina kamadula manambala kuchokera ku pulasitiki ya vinyl yokhala kale ndi mtundu wake. Yosindikizidwa imalola kuika zambiri pamalo amodzi: nambala, gulu, timawu ta dalaivala tija. Koma inki yake ili pamwamba pokha. Ikapanda kukutidwa ndi kapulasitiki kena koonekera, dzuwa limaifwifwitsa, nthambi zimaikanda, ndipo petulo akadonthera imasungunuka. Yodulidwa mtundu wake uli mkati monse, choncho ikakandika imakhalabe yakuda. Komanso nambala iliyonse imakhala payokha: malire akasintha kuchoka pa 980 kufika pa 990, muyobula 8 yekha n'kumata 9. Kumalo osindikizira zikwangwani m'tawuni funsani ngati ali ndi makina odula, ndipo pemphani vinyl ya panja, osati ya m'nyumba. Mukadulitsa, dulitsani manambala onse kuyambira 0 mpaka 9 awiriawiri, otsalawo muwasunge mu envulopu m'bokosi la zida. Mtengo wowonjezera ndi wochepa, ndipo tsiku lina adzakupulumutsani, inu kapena mnzanu.

Sitika zambiri zimene zimayobuka vuto silikhala la sitika koma la kamatidwe. Tsukani malowo ndi sopo, aume, kenako pukutani ndi sipiriti kuti polishi ndi mafuta zichoke. Matani pamthunzi, m'mawa kapena madzulo. Chitsulo chimene chakhala padzuwa la Okutobala chimafewetsa pulasitiki, manambala n'kupindika musanawakhazike. Kanikizani kuchokera pakati kupita m'mbali ndi kakhadi kolimba, makamaka m'mphepete, chifukwa fumbi limalowera pamenepo. Ngati mukumata kabokosi kathunthu, dulani makona ake akhale obulungira, popeza kona yosongoka ndiyo imayamba kunyamuka. Musamate podutsa mpata wa chitseko, kapena pansi pa pothirira petulo. Ndipo ipatseni tsiku limodzi kapena awiri guluu agwire musanaitsuke. Potsuka ndi madzi amphamvu, mnyamata wotsuka asalozetse paipi m'mphepete mwake ali pafupi.

Pochotsa, siyani galimoto padzuwa kapena thirani madzi otentha, kenako kokani pang'onopang'ono. Penti ya pansi imatsala bwinobwino, pokhapokha ngati inapoperedwa mwachangu pachitsulo chosakonzedwa, pamene sitika itha kunyamuka nayo.

Tepi ndi cholembera

Palibe amene amakonzekera kugwiritsa ntchito tepi. Imabwera woyendera akanena kuti nambala yanu ndi yolakwika kutatsala mphindi zochepa. Pazimenezo imagwira ntchito, ndipo tepi yoyera yansalu ndi cholembera chakuda chonenepa siziyenera kusowa m'bokosi lanu. Ya pepala ija ya opopera penti imanyowa n'kugwa. Yansalu imagwira, koma ikakhala masiku padzuwa guluu wake amasungunuka n'kusiya zomata zimene zimakoka fumbi. Inki ya cholembera imafwifwa msanga. Kupanga manambala ndi tepi yakuda ya magetsi nakonso kulipo, koma tepiyo imafupika ikatenthedwa, 0 n'kutseguka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa tepi si kulimba. Nambala imene aliyense angaisinthe m'kanthawi kochepa kuseri kwa lole siipatsa anthu chikhulupiriro. Mnzanu amene mwamuposa ndi sekondi imodzi akaiona, mtima wake sukhala pansi. Malizani nayo tsikulo, Lolemba mukadulitse sitika.

Maginito

Ambiri mwa ife galimoto ya mpikisano ndi yomweyo yopitira kuntchito ndi kutchalitchi, choncho chikwangwani cha maginito chimakopa: Loweruka wamata, Lamlungu wachotsa. Ndikumvetsa, koma sindikuvomereza.

Maginito amagwira chitsulo chokha. Boneti ya Mitsubishi Lancer Evolution ndi ya ma Subaru Impreza WRX ambiri ndi ya aluminiyamu, sagwirapo. Pa fibreglass sagwira. Pachitseko chimene chinagundidwapo n'kumatidwa fila wochindikala amagwira mofooka, ndipo magalimoto athu ambiri ali ndi fila woposa amene eni ake akudziwa. Pamsewu wa mabampu fumbi limalowa kunsi, n'kumapala penti ngati mmene sandipepa amachitira, mphepo n'kupeza polowera kutsogolo. Chikanyamuka pa liwiro sichigwera pansi pomwepo. Chimauluka, ndipo m'mbali mwa msewu mwaima ana. Ena amamata tepi m'mphepete mwake kuti chisauluke, koma ukafika pamenepo phindu la maginito latha kale. Ngati simufuna kuti galimoto ioneke ya mpikisano mkati mwa sabata, manambala a masentimita 5 a sitika ndi aang'ono moti sasokoneza munthu.

Zolemba pagalasi, kakhadi ka mkati ndi kachitsulo

Cholembera cha penti yoyera kapena yachikasu, chija ogulitsa magalimoto amalembera mitengo pagalasi, chimaoneka bwino ndipo chimafufutika mosavuta. Kwa tsiku limodzi chimaposa tepi. Lembani pagalasi la m'mbali lakumbuyo, osati poti dalaivala aziyang'anira. Chenjezo ndi ili: ngati munachotsa galasi n'kuika pulasitiki ya polycarbonate pofuna kupepukitsa galimoto, musafufute ndi thina kapena petulo. Pulasitikiyo imachita mbuu n'kuyamba timing'alu, ndipo siibwereranso.

Kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, komatidwa mkati mwa zenera kapena pa dashibodi, sikakwanira pakokha. Galasi likadetsedwa ndi fumbi, kapena ngati ndi lakuda, kapena dzuwa likamanyezimira, sikawerengeka. Koma monga mnzake wa sitika ya panja ndimakakonda kwambiri, chifukwa kamanyamula zimene panja sizingakwane: gulu la galimoto, kukula kwa injini, ndime ya lamulo imene nambala yachokera, makilo a zitsulo zowonjezera kulemera ndi pamene zamangidwa. Woyendera akafunsa kuti 980 ameneyu mwamutenga kuti, simuyamba kukanda m'mutu. Mumangoloza.

Ena amadinda nambala pa kachitsulo n'kukakhomera ndi mariveti pamphuthu ya chitseko. Kamakhalitsa, koma ndi kakang'ono, woyendera ayenera kutsegula chitseko ndi kuwerama, ndipo n'kosavuta kukasokoneza ndi kachitsulo ka fakitale. Manambala a kulemera a fakitale kapena a m'mabuku a galimoto ya pamsewu sakhudzana ndi malire a mpikisano. Ndipo chonde, musaboole mapaipi a roll cage, aja oteteza dalaivala m'kati mwa galimoto, pofuna kukhomera chilichonse. Paipi yobooledwa imafooka pamalo pomwepo, ndipo ndi imene idzagwire denga tsiku logubuduzika.

Malo ake ndi kukula kwake

Lembani mbali zonse ziwiri. Simudziwa mbali imene woyendera adzaime, ndipo mbali imodzi itha kukhulika pamtengo. Ikani m'mwamba, chapafupi ndi mzere wa mazenera, pachitseko chakumbuyo kapena pachitsulo cha kuseri kwake. M'munsi, makamaka kumbuyo kwa matayala, ndi m'mene matope amathera.

A rally akumbukire kuti malo ena ali ndi eni. M'malamulo a FIA, chikwangwani cha nambala ya mpikisano pachitseko chakutsogolo ndi cha masentimita 67 m'litali ndi 17 m'mwamba, ndipo pasakhale zolemba zina pamtunda wa masentimita 10 kuzungulira chikwangwanicho. Pamazenera a m'mbali akumbuyo pamakhala mayina a dalaivala ndi mnzake. Ndiye musanamate, onani potsala. Komanso nambala ya kulemera ikhale yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi nambala ya mpikisano, kuti olemba nthawi asasokonezeke galimoto ikamadutsa m'fumbi.

Olemba zikwangwani ali ndi kawerengedwe kawo: masentimita 2.5 a msinkhu wa chilembo amawerengeka bwino pamtunda wa mamita atatu. Manambala a masentimita 5 ndiye kuti aoneka pamamita 6, zomwe n'zokwanira kwa munthu amene wakhala patebulo pambali pa sikelo. Akuda pa zoyera, kapena oyera pa zakuda. Ofiira ndi a olenji amabisala m'fumbi la dothi lathu la katondo, ndipo onyezimira ngati kalilole amathobwa m'maso masana.

Nambala yalembedwa, nanga galimoto ikufikapo?

Mlimi wopita ndi chimanga ku depoti ya FRA amadziwa kuti 50 yolembedwa pathumba siimuthandiza ngati sikelo ikuti 49. Amathira kambale kowonjezera, podziwa kuti chimanga chimauma ndipo masikelo amasiyana. Inunso siyani mpata pamwamba pa malire anu.

Galimoto imapepuka ikamathamanga. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, kotero malita 40 akapsa, makilo 30 apita. Matayala amadyeka, mabuleki amadyeka, bampala itha kutsala m'tchire, ndipo dalaivala amene wavala ovolosi m'galimoto yotseka mazenera amataya thukuta lochuluka. Matope omatirira kunsi amawonjezera kulemera, koma musawadalire, chifukwa woyendera atha kulamula kuti achotsedwe. Akatswiri enieni zimawagwera. Mu 2024 ku Belgium, George Russell anafika woyamba pa Formula 1, koma galimoto yake itayezedwa inapezeka yoperewera ndi kilo imodzi ndi theka pa malire a 798, ndipo chipambano chinapita kwa Lewis Hamilton. Mu 2025 ku China, Charles Leclerc ndi Pierre Gasly anachotsedwa pa zotsatira chifukwa cha kilo imodzi yokha aliyense. Amenewo ali ndi mainjiniya ndi masikelo apamwamba. Ife amene timayezera pomwe tapeza tiyenera kusiya mpata wokulirapo. Ine ndimati makilo 5 mpaka 10 pamwamba pa malire, thanki ili pafupi kuuma. Pamsewu wafumbi makilo amenewo sangakulandeni mpikisano, koma kuperewera kwawo kungakulandeni.

Koyezera nakonso n'kosiyana. Masikelo anayi apadera, imodzi pansi pa tayala lililonse, ndiwo abwino, ndipo amakuuzaninso mmene kulemera kwagawikira. Amafuna pansi pa simenti posalala. Ndi odula, koma kalabu itasonkha ingagule amodzi a onse. Sikelo ya malole, ngati za kumalo ogulira thonje ndi fodya, inapangidwira matani ambiri ndipo zochuluka zimadumpha makilo 20 nthawi imodzi. Ikati 1,000, galimoto itha kukhala 991 kapena 1,009. Imakupatsani chithunzi, koma ngati mpata wanu ndi makilo 5 siingakuuzeni zoona. Masikelo athyathyathya oyezera matumba angathandize ngati muli nawo anayi ofanana ndipo iliyonse imatha kunyamula makilo 400 kapena kuposa. Mukakhala ndi imodzi yokha, matayala atatu enawo akwere pamatabwa a msinkhu wofanana ndi sikeloyo, apo ayi galimoto ipendekeka ndipo manambala anama. Sikelo imene ili ndi chizindikiro chatsopano cha Zambia Metrology Agency ndi yodalirika kuposa yopanda.

Komabe pa tsiku la mpikisano sikelo yoweruza ndi ya oyendera, ngakhale itasiyana ndi yanu. Pemphani kukwerapo mpikisano usanayambe. Safunsa anadya phula.

Mukapezeka opepuka, musathamangire thumba la mchenga kapena njerwa. Lamulo la FIA pa zitsulo zowonjezera ndi lomveka: zikhale zolimba, zathunthu, zomangidwa ndi zida pansi m'chipinda cha dalaivala, zoonekera, ndipo oyendera athe kuikapo chidindo. Chifukwa chake si chinyengo chokha, ngakhale mbiri ili nacho: mu 1984 timu ya Tyrrell inachotsedwa pa chaka chonse cha Formula 1 pamlandu wokhudza timipira ta mtovu timene inkathira m'thanki ya madzi chakumapeto kwa mpikisano. Chifukwa chachikulu ndi moyo. Chitsulo cha makilo 10 chosamangidwa chimasanduka chida chakupha galimoto ikagunda. Mtovu umatenga malo ochepa kuposa chitsulo, koma ndi poizoni, usambeni m'manja mukaugwira ndipo musausungunulire pafupi ndi pophikira. Mbale yachitsulo yochindikala, yomangidwa ndi mabawuti onenepa okhala ndi mbale zina kunsi kwa galimoto, imakwanira. Makilo ake muwalembe pa kakhadi kaja.

Ndiye musankhe iti?

Amene mukuyamba kumene, ndipo galimoto mukuisinthabe mwezi ndi mwezi, dulitsani vinyl, manambala apaderawo muwasunge. Amene galimoto yanu yakhazikika, pentani kabokosi ndi kg, manambala akhalebe a sitika, chifukwa malamulo amasintha ngakhale inu musanasinthe kanthu. Amene mwabwereka galimoto kwa tsiku limodzi, cholembera cha pagalasi chikukwanirani. Onsewa aike kakhadi mkati. Maginito ayi.

Kwa okonza mipikisano kuno kum'mawa ndili ndi pempho. Dziko lino latulutsa akatswiri a rally a mu Africa, Satwant Singh kasanu ndi katatu, Muna Singh mu 2004 ndi 2005, Mohamed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013, ndipo mnyamata wa ku Katete, Petauke kapena Lundazi amene akufuna kutsata mapazi awo ayenera kuzolowera sikelo akadali pa mpikisano waung'ono. Lembani m'malamulo anu mzere umodzi wonena malo a nambala, msinkhu wake, ndiponso ngati dalaivala akuwerengedwa. Tumizani malamulowo masabata angapo tsiku lisanafike, kuti wochokera kutali apeze nthawi yodulitsa sitika. Ndipo woyendera asangokhulupirira cholembedwa pachitseko: m'mawa, galimoto iliyonse ikamayenderedwa koyamba, ayerekeze nambalayo ndi ya m'buku, asainire pa kakhadi ka mkati, kuti madzulo pa sikelo ntchito ikhale yongowerenga manambala awiri.